A Nachisale ndi Makatoni Awo a Sopo

Sabata yatha kunabwera mphunzitsi watsopano pasukulu yathu ya pulayimale. Lole inamutsitsa m'mawa, ndipo pofika masana anali atamasula katundu wake yense. Makatoni otsala anawaunjika kuseri kwa nyumba n'kuwayatsa. Ine ndinali kuchokera kunyanja, ndipo nditaona utsiwo ndinaima pamsewu ngati munthu woiwala kumene akupita. Mnyamatayo anandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa ngati utsi ukundivuta. Ndinati ayi. Ndikanamuuza chiyani? Iye ndi mlendo, ndipo makatoniwo ndi ake. Koma mumtima ndinati: uli ndi mwayi, mwanawe, kuti wafika a Nachisale atagona kale. Akanakhalapo bwenzi atalowa pamotopo ndi mtengo, akuvuula makatoni ako ngati mbatata, kwinaku akukufunsa dzina la amene adakulera.

Mwezi uno chakwana chaka chitisiyireni. Adali achemwali anga, oyamba kubadwa kwa amayi athu, ine mzime. Apakati onse adatsogola kale. Ndidakulira pamsana pawo kuposa pamsana pa amayi, n'chifukwa chake ngakhale imvi zitandimera sadasiye kundinena kuti "iwe". Nditayamba sukulu ya kwacha ndili kale ndi zidzukulu, adandipatsa dzina lina: Mwana wa Sukulu. Ankaliitana mokweza, ngakhale pamaliro. Sindidandaula nalo, poti dzanja likulembali lidaphunzira zilembo zambiri pamakatoni awo.

Zaka zawo zambiri adakhala ku Chipoka. Adakwatiwa ndi a Jelemiya, amene ankakweza ndi kutsitsa katundu padoko, ndipo ankakhala m'nyumba ya kampani, yamalata, mpope uli pakhomo. Adabereka, koma sadalere. Abale a mwamunayo adamunyengerera kangapo kuti atenge mkazi wina, iye ankangoseka n'kumati mkazi mmodzi yemweyo akumukwanira pomukalipira. A Jelemiya adamwalira chaka chimene tidavotera matipate, kampani n'kufuna nyumba yake. Motero achemwali adabwerera kuno kwathu kunyanja, kumene adachoka ali mtsikana.

Tsiku limenelo mudzi wonse udasonkhana kudzaona chuma cha ku Chipoka. Lole idadzaza makatoni mpaka pamwamba, omangidwa ndi malegeni. Anthu ankanong'onezana kuti malemu adasiya zinthu. Koma anyamata otsitsa adayamba kuseka, chifukwa katoni iliyonse inkapepuka ngati chisa cha mpheta. Mu ina mudali mbale ziwiri. Mu ina nyali yokha. Imene ndidanyamula ine nditaitsegula ndidapezamo mthiko ndi chipande basi.

"Achemwali," ndidatero, "katoni yonseyi mthiko?"

"Ziwiya zili ngati akazi a mitala," adayankha. "Ukazipanikiza malo amodzi zimakandana. Tsitsa bwino, usagwetse."

Padapita nthawi kuti ndizindikire kuti katundu weniweni amene adasamutsa tsiku lija adali makatoniwo. Mbale zidangokwera nawo.

Ankati katoni ili ndi moyo wautali, koma anthu amaipha idakali yaing'ono. Poyamba imagwirira ntchito mwini sitolo, kenako imanyamula katundu wako. Ikafooka m'makona umaiyala kukhala pokhalira. Ikathetheka umatsekera zenera mwera ukamawomba. Ikang'ambika umakupizira moto, ndipo kachidutswa komaliza ndi kokhako kamene kali ndi chilolezo cholowa pamotopo. Munthu wowotcha katoni yathunthu ankamuyerekeza ndi wopha nkhuku yoikira. Makatoni onyowa ankawayanika pamchenga atawatsendereza ndi miyala m'makona, ndipo tsoka kwa mbuzi yodutsa pafupi.

Sadali aumbombo, ngakhale ena ankatero. Ankapereka, koma wopempha ankayenera kufotokoza bwino ngati ali pabwalo la milandu. Azimayi ogulitsa nsomba zowamba ankalandira makatoni aakulu a mafuta ophikira, atalonjeza kuti pobwera ku Lilongwe abwera nawo. Wopita kukadikirira wodwala kuchipatala ankalandira awiri oyala, chifukwa simenti ya kumeneko imalowa m'mafupa. Pamene sukulu idakhala yaulere, ana adachuluka mpaka ena ankaphunzirira pansi pa mitengo. Achemwali adadula makatoni ofooka tizidutswa tokwana matako a mwana, ndipo m'mawa uliwonse tinkaona ana akupita kusukulu aliyense kakatoni kali kukhwapa. Wotaya kake ankadzera njira yakumunda, kuopa kudutsa pakhomo pawo.

Nthawi ya misonkhano ya ndale kudabwera anyamata a chipani china kudzapempha katoni yoti alembepo dzina la munthu wawo.

"Akakaluza, katoni yanga idzakhala italakwa chiyani?" adafunsa.

"Saluza, agogo. Boma ndi lathu ili."

"Aliyense akuti ndi lake. Lembani mbali imodzi yokha, ndipo dzuwa lisanalowe ibwere."

Idabweradi. Patapita masiku, a chipani chinanso adabwera ndi pempho lomwelo. Achemwali adawapatsa katoni yomwe ija, n'kuwauza kuti alembe kuseri. Anyamatawo adakwiya poona dzina la mdani wawo, koma iwo adati ngati mayina awiri sangagone pakatoni imodzi, nanga eni ake adzakhala bwanji m'dziko limodzi? Adainyamula monyinyirika, ndipo pamsonkhano woigwira sankayerekeza kutembenuka. Katoni imeneyo idathera m'khola, nkhuku ikufungatirapo mazira, ndipo achemwali ankati anthu awiri aja sadagwirepo ntchito yaphindu yoposa imeneyo.

Zina za iwo sizikhudza makatoni. Kutchalitchi ankapita nsapato zili m'manja, n'kukazivala pakhomo. Ankayimba mokweza kuposa aliyense, koma nthawi zonse ali m'mbuyo ndi mawu amodzi, moti nyimbo ikatha ankatsala okha akumaliza. Tiyi wawo adali wa shuga wambiri, woti supuni n'kuima. Polumbira ankati "pali Jelemiya", ndipo akatero nkhani yatha. Ine ankandikalipira za ndevu, za fodya, za mmene ndimasokera ukonde, koma munthu wina akangonditchula moipa ankamutsatira mpaka kwawo.

Madzulo ena, dzuwa likadalipo, ankandiitana kuti ndiwawerengere zolembedwa pamakatoni. Ndinkakhala pakhonde chala chili pachilembo, ndikutchula pang'onopang'ono. Za Chichewa ndinkatha. Za Chingerezi zinkandikanika, ndipo apa ndi pamene iwo ankasangalala.

"Mwana wa Sukulu wagwa mayeso. Bweretsa kuno ndikuwerengere."

Ankaloza tizithunzi timene timakhala m'mbali mwa katoni: tambula, ambulera, ndi mivi iwiri yoloza kumwamba. "Apa akuti za m'katimu n'zosweka. Apa akuti zisanyowe. Apa akuti kumwamba ndi uku, osazondotsa. Mawu enawo ndi phokoso chabe." Ankaseka mpaka kutsokomola. Nthawi imeneyo ndinkayesa kuti akungondiseka ine.

Padali mtundu umodzi wa makatoni umene sankapereka kwa wina aliyense: katoni ya sopo wochapira. Ndi yaing'ono koma yolimba, ndipo fungo la sopo silichokamo msanga. Imeneyi sadaipinde ngakhale imodzi. Iliyonse adaikulunga m'mapepala apulasitiki n'kuipachika kumitanda ya denga ndi zingwe, chingwe chilichonse atachipisa pachivindikiro cha chitini kuti khoswe akamatsika aziterereka. Ukalowa m'nyumbamo n'kuyang'ana kumwamba, makatoniwo ankalendewera mumdima ngati zisa za atchete.

Tidakanganapo kwambiri. Ndinkafuna imodzi yoti ndizisungiramo mabuku anga a sukulu, poti mphemvu zinkadya m'mphepete.

"Tenga ya machesi."

"Ya machesi ndi yofewa. Ndipatseni ya sopo imodzi yokha. Muli nawo ambirimbiri, akungodya mwaye."

"Ya sopo ayi."

"Mukusungiramo chiyani kodi? Mafupa a alamu?"

Pomwepo ndidadziwa kuti ndalumpha malire. "Pali Jelemiya," adatero motsitsa, "ukadzakhudza imodzi, ine ndi iwe ubale watha."

Ndidapita kwathu ndikung'ung'udza. Nditawafotokozera mayi a kunyumba, a Nangozo, sadandithandize kudandaula. Adangoti, "Zisiyeni, bambo. N'za azimayi," n'kutuluka ndi ndowa ngakhale mumtsuko mudali madzi.

Apa ndiyenera kulemba mawu amene mwamuna wa kwathu satchula. Mwana akabadwa wakufa, kapena akafa asanatulutsidwe m'chikuta, timati mtayo. Mtayo salira, sakhomera bokosi, saimbira nyimbo. Amakaika azimayi okhaokha, msangamsanga, m'dzenje losaya kumphepete kwa manda, poti akuluakulu amati likakuya mayiyo sadzaonanso mwana. Amuna timangoona azimayi angapo akudutsa kuseri kwa nyumba mwakachetechete, ife n'kuweramira maukonde athu ngati sitidaone. Zaka zimenezo ankadutsa kawirikawiri. Matenda adali atalowa m'midzi ya kunyanja, ndipo atsikana ambiri ankafika pobereka thupi litatha kale.

Tsiku lina masana ndidakweza maso pamene sindinkayenera. Pakati pa azimayiwo padali achemwali, atafungata kanthu kokutidwa ndi chitenje. Mphepo idakweza nsonga ya chitenjecho, ndipo ndidaona ka ambulera ndi mivi iwiri. Ndidaweramanso. Za mabuku sindidazitchulenso.

Koma si ine ndekha amene ndidaona. Anthu adayamba kulankhula, poyamba kumowa, kenako ndi kudoko komwe. Kwathu bokosi sakhomeratu munthu ali moyo. Kutero ndi kuitana maliro. Nanga uyu, mayi wamasiye, wopanda mwana ndi mmodzi yemwe, wobwera dzulodzuloli, wapachika timabokosi kudenga, akudikira ana a yani? Mawu oti mfiti sadatuluke msanga, koma ankazungulira ngati ng'ona pansi pa bwato. Ena adaletsa ana awo kutenga tizidutswa tokhalira kusukulu. Ndidawauza achemwali kuti atsitse makatoniwo, anthu akunena zoipa. Adati pakamwa pa anthu sipasowa chotafuna, ndipo akasiya iwo atafuna wina.

Zidaphulika ndi Yotamu. Adali msodzi wachinyamata, mwana wa a Nambewe oyandikana nafe, munthu wofatsa akakhala wosamwa. Mkazi wake Felesiya adali atataya kale mwana mmodzi. Dzinja limenelo adataya wachiwiri, Yotamu ali panyanja. Pobwera adapeza zonse zatha: mkazi ali chigonere kuyang'ana kukhoma, azimayi atasamba kale m'manja. Sadaone nkhope ya mwana wake, sadaone pamene adamuika, ndipo mwambo sudamulole kulira. Nanga bambo misozi akaiike kuti? Yotamu adakaiika mu kachasu. Kumeneko wina adamuuza kuti katoni idafika m'nyumba mwake mwana asanazizire n'komwe.

Kudali masana, mvula itangokata. Ndidamva mapazi ndisanaone anthu. Gulu lopita kukachita choipa lili ndi kayendedwe kake, ndipo ine ndimakadziwa, chifukwa nthawi ya makhadi a chipani ena mwa mapazi otero adali anga. Zimenezo si za pepala lino. Ndidasiya ukonde, n'kuthamanga monga ndikanathera, n'kukakhala pakhomo pa achemwali. Iwo adali pansi pa mtengo wa nimu, akusenda chinangwa.

"Madala, tapatukani," adatero Yotamu. Maso ake adali ofiira ngati a nsomba ya mphuta.

"Yotamu, nyumba ino ndi ya mlongo wanga."

Ndikanakonda kulemba kuti ndidawaletsa. Anyamata awiri adandinyamula m'khwapa n'kundikhazika pambali ngati mtolo wa ukonde wonyowa. Adalowa, ndipo tidamva zingwe zikuduka, zivindikiro zikugwa pansi. Makatoni adawaponya pabwalo, n'kung'amba mapulasitiki. Mu iliyonse mudali kansalu kochapa bwino, kopindidwa, ndi masamba ouma a nimu oingitsira tizilombo. Fungo la sopo lidadzaza bwalo lonse. Anthu adabwerera m'mbuyo.

"Mwaona? Ndi nsalu zomwe!" wina adakuwa. "Angotsala kulembapo mayina!"

"Bweretsani palafini!"

"Abwerere ku Chipoka komweko!"

Yotamu adaima patsogolo pawo, katoni imodzi ili m'manja. "Yankhani, agogo. Mudadziwa bwanji kuti wanga afa? Otsalawa ndi a ana a yani?"

Achemwali akanatha kudzipulumutsa ndi mawu ochepa. Koma nkhani ya mtayo saikamba pamaso pa amuna, ndipo ndidaona pankhope pawo kuti alola nyumba ipse, alola kuthamangitsidwa m'mudzi umene adabadwira, koma mwambo wa azimayi anzawo sauulula pabwalo. Adapitiriza kusenda. Kenako adaloza ndi mpeni mnyamata wina amene adali atagwira katoni chadodolido.

"Iwe wachipewa, wazondotsa. Suona mivi? Tembenuza."

Mnyamatayo adatembenuza asanaganize. Wina adaseka, kuseka kwa mantha, koma palafini adali atafika kale m'botolo.

Apo ndi pamene azimayi adatulukira kuchokera kumathandala oyanikira nsomba, manja ali mamba okhaokha. Patsogolo padali a Nambewe, mayi ake a Yotamu, munthu wamfupi amene sindidamumvepo akukweza mawu.

"Yotamu, khala pansi."

"Amayi, chokani. Izi n'za amuna."

"Za amuna? Udayamba waikapo mtayo iwe?"

Liwulo litagwa pabwalo, amuna tonse tidayang'ana pansi ngati wina wavula. A Nambewe sadaime.

"Woyamba wa mkazi wako adapita a Nachisale ali ku Chipoka. Adamulodza pa telefoni? Ukudziwa chimene tidamunyamuliramo? Dengu lako la utaka. Ndidalitsuka ndi mchenga, fungo silidachoke, ntchentche zidatiperekeza mpaka kumanda. Ndipo mkulu wako, amene sindidakuuzepo, ndidamutengera m'masamba a nthochi, mvula ikugwa, masamba akung'ambika m'manja. Wachiwiri wakoyu wapita atafunda, akununkhira sopo, mutu uli koyenera. Ukuti adadziwa bwanji? Mayi aliyense pano amadziwa kuti tsiku lotero limabwera. Amene sadziwa ndinu, chifukwa mumayang'ana maukonde. Ndiye lero wabwera ndi palafini kudzathokoza?"

Adawerama, natola katoni imodzi, naipukuta matope ndi chitenje chawo, nabwezeramo kansalu kake.

"Ngati kusunga ichi ndi ufiti, ine ndatenga gawo langa. Mukatha pano mubwere mudzawotche kwanga."

Mayi wina adatola ina. Kenako wina. A Nangozo, mayi a kunyumba kwanga, adatola yawo osandiyang'ana. Kunkangomveka makatoni akukhudzana. Yomaliza idali m'manja mwa Yotamu. Ndiye tidaona Felesiya akubwera pang'onopang'ono, atafunda bulangete, akugwira makoma. Adafika, naichotsa m'manja mwa mwamuna wake ngati akulanda mpeni kwa mwana. Kenako adagwada pafupi ndi achemwali.

"Agogo, tsiku lija sindidathokoze."

"Zimenezo sathokoza. Pita ukagone, ukuzizidwa."

Yotamu adakhala pansi pamatope pomwepo n'kuyamba kulira. Adalira mokweza, kulira kumene mwambo udamumana, ndipo palibe adamuletsa. Anzake adachoka mmodzimmodzi, wa botolo uja atalibisa kumbuyo. Achemwali adasiya chinangwa, nalowa m'nyumba, natuluka ndi katoni yoyala, ya mafuta ophikira. Adamugunda nayo paphewa.

"Dzuka ukhale apa. Pansipo mponyowa, udwala chibayo, amayi ako azidwazika awiri."

Adakhalapo.

Chifukwa chenicheni ndidachimva pambuyo pake kwa a Nangozo, osati kwa eni ake. Mwana woyamba wa achemwali adabadwira ku Chipoka, iwo ali mtsikana pakati pa alendo, kutali ndi amayi athu. Azimayi a m'nyumba za kampani adachita zimene akanatha, koma chonyamuliramo chimene chidapezeka chidali thumba la simenti lochokera kudoko. Achemwali adaona fumbi lotuwa litamatira pamasaya a mwanayo, ndipo analibe mphamvu yodzuka kuti alipukute. Otsatira onse adapita m'makatoni a sopo, amene a Jelemiya ankabwera nawo mwakachetechete n'kusiya pakhonde osafunsa. Kuchokera pamenepo achemwali adakhala akusungirako ndi azimayi ena. Zaka zonse zija ine ndinkapita ku Chipoka, kudya chambo chawo, kumwa tiyi wawo wa shuga, osadziwa kanthu.

A Nangozo adandiuzanso kuti nsalu za m'katimo achemwali ankasankha okha. Zaka zimenezo nsalu za zipani zinkagawidwa ngati mvula, koma iwo sadalole ngakhale kachidutswa. Ankati mwana amene sadaone nkhope ya bambo wake asapite ndi nkhope ya munthu wopempha mavoti.

Achemwali sadapachikenso makatoni kudenga kwawo. Ankati ntchito yawachepera, poti tsopano denga lililonse lili ndi yake. Koma kupempha sadasiye. Akamva kuti wina wasamukira kuno, kaya wopuma pantchito kaya mphunzitsi, ankavala duku n'kupita kukalonjera, ndipo moni usanathe maso ali pamakatoni. Ya sopo ankaitenga n'kukaisiya kwa mayi amene yake yagwira ntchito. Yotamu sadapepese ndi pakamwa. Koma akapita kukagulitsa nsomba ku Salima kapena kwa Khombedza, pobwera pakhonde pa achemwali pankapezeka katoni ya sopo. Iwo ankaitembenuza uku ndi uku, n'kukuwa kuti amve ali kwawo: "Yotamu! Pakona apa panyowa! Ambulera sumuona?" Felesiya ali ndi mwana wamkazi tsopano, wothamanga kale. Sindikunena kuti n'chifukwa cha katoni. Ndangolemba poti n'zoona.

Achemwali adadwala nthawi yochepa. Kuchipatala azimayi a m'mudzi ankasinthana kuwadikirira, akugona pamakatoni omwe aja adawabwereka kale. Nditapita kukawaona adandiuza kuti ndevu zanga zikuopseza odwala. Kenako adandipempha kuti ndiwawerengere zolembedwa pabotolo la mankhwala. Ndidayesa, n'kukakamira pa liwu lachiwiri.

"Wagwanso," adatero, maso ali otseka. "Koma usasiye sukulu."

Bokosi lawo lidali la matabwa, ndipo Yotamu ndiye adagwira kumutu. Popita kumanda azimayi adayimba nyimbo imene iwo ankaikonda. Itatha padali kachete pang'ono, ngati tonse tikudikira munthu wina amalize.

Dzulo ndinabwerera kwa mphunzitsi uja. Ndinamuuza kuti tsiku lina akadzalandira katundu, makatoni a sopo asadzawotche, adzangowasiya pakhonde, eni ake adzatenga. Anafunsa kuti eni ake ndani. Ndinati mayi a kunyumba kwake akadzazolowera mudzi adzadziwa.

Kuchoka apo ndinadzera kunyumba kwa achemwali. Palibe amene walowamo kukhala. Pansi pa nimu pamera udzu, ndipo mwala umene ankanolera mpeni ukadali pomwepo. Chitseko chimakanirira pansi, umachita kuchinyamula. M'katimo ziwiya adagawana, mwatsala mtsuko wosweka kukamwa. Kumitanda kukulendewerabe zingwe zija, zoduka mosalingana monga adazidulira anyamata tsiku lija; iwo sadalole kuti wina azimasule. Pa zingwe zina zivindikiro zidatsalira, zachita dzimbiri, ndipo mwera ukalowa zimagundana pang'ono. Ndinanunkhiza, koma fungo la sopo lidatha, mwatsala la mwaye ndi mileme. Pazenera la kunyanja pakadali chidutswa cha katoni chimene adatsekera mphepo chaka chawo chomaliza. Dzuwa lachiyeretsa, zilembo zonse zafufutika, ndipo ngakhale Mwana wa Sukulu sangawerengepo kanthu. Yatsala mivi iwiri yokha. Ngakhale potseka zenera, sadaizondotse.